Funsani Wapositi: Uthenga unkayenda bwanji foni kulibe?

Moni nonse owerenga. Mwezi uno thumba langa ladzaza ndi mafunso a mtundu umodzi, onse ofuna kudziwa mmene mawu ankachokera kwa munthu n'kukafika kwa mnzake ali kutali. Nkhani imeneyi imandifika pamtima. Ndinakhala kuseri kwa kauntala ya positi ofesi zaka 34, kuyambira 1970 mpaka 2004, ndikudinda masitampa, kuwerenga mawu a matelegalamu ndi kumanga matumba a makalata. Ndasankhapo mafunso asanu ndi limodzi.

Agogo, ndili Fomu 3 ndipo aphunzitsi atipatsa ntchito yolemba mbiri ya njira zofalitsira mauthenga. Kodi chinayamba kufika kuno kwathu n'chiyani pakati pa nyuzipepala, lamya ndi wailesi?
*Mtsikana wa sukulu, Dedza*

Mdzukulu wanga, usanatchule zitatuzo uyambe ndi zimene zinalipo kale. Kwathu ku Ntcheu, amfumu akafuna anthu, mnyamata wa mawu amphamvu ankakwera pachulu dzuwa litangolowa, nthawi imene aliyense ali pakhomo kudikira nsima, n'kufuula kuti, "Tamverani, tamverani!" Mudzi wonse unkangoti zii, ngakhale mwana wolira ankamutseka pakamwa ndi bere. Kukagwa zovuta, anyamata ankatumidwa awiriawiri usiku womwewo kukanena maliro kumidzi ina. Ng'oma nayo inali ndi kalankhulidwe kake, ndipo munthu wamkulu ankasiyanitsa ya chisangalalo ndi ya tsoka ali kumunda. Ukalemba zimenezi pachiyambi, aphunzitsi ako adziwa kuti waganiza.

Tsono za makina. Kusindikiza mabuku ndi zilembo zachitsulo zosunthika kunafala ku Ulaya kuchokera kwa Johannes Gutenberg wa mumzinda wa Mainz ku Germany, cha m'ma 1450, ngakhale ku China munthu wina dzina lake Bi Sheng anali atapanga kale zilembo zosunthika zadothi zaka 400 m'mbuyo mwake. Kuno makina otere anabwera ndi amishoni a ku Blantyre ndi ku Livingstonia, ndipo ntchito yawo yoyamba inali mabuku a nyimbo, a sukulu ndi zigawo za Baibulo. Nyuzipepala yeniyeni inayamba mu 1895 kufupi ndi Zomba, dzina lake Central African Planter. Inali ya Azungu olima khofi, yokamba za mitengo ya mbewu ndi kusowa kwa antchito. Inasintha maina kangapo, kukhala Central African Times, kenako Nyasaland Times, ndipo ndi imene lero ukuidziwa kuti The Daily Times. M'nyuzipepala imeneyi ndi mmene John Chilembwe anatumiza kalata yake mu November 1914, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Boma la atsamunda silinafune kuti kalatayo iwerengedwe ndipo linailetsa. Ya m'chinenero chathu imene agogo ako mwina anaigwirapo ndi Mthenga, ya mishoni ya Nkhoma, imene pambuyo pake inadzakhala Kuunika.

Positi inakhazikitsidwa mu 1891, ndipo Chiromo ndiye anali khomo lake, chifukwa makalata ochokera kunja ankabwera pa sitima kudzera mu Zambezi ndi Shire. Kuchoka apo ankasenzedwa pamutu. Amuna oyenda pansi, thumba pamutu, ankadutsa m'tchire la mikango usana ndi usiku kuti kalata ifike ku Blantyre, ku Zomba mpaka kumpoto. Anthu amenewa ndimawatenga ngati makolo anga pantchito, ndipo zimandipweteka kuti maina awo sanalembedwe pakhoma lililonse.

Lamya yoyamba sinali yolankhulirana. Unali waya wotumizira zizindikiro, timagogodo tatifupi ndi tatitali toimira zilembo, njira imene Samuel Morse anaionetsa mu 1844 pakati pa Washington ndi Baltimore. Cecil Rhodes anakhazikitsa kampani mu 1892 yoti ikoke waya kuchokera kumwera kwa Africa mpaka ku Cairo. Wayawo unadutsa ku Tete, Blantyre, Zomba, Mangochi, Nkhotakota, n'kufika ku Karonga chaka cha 1900 chisanakwane. Mitengo yake inali yachitsulo chifukwa yamatabwa ikanadyedwa ndi chiswe, ndipo yonseyo inasenzedwa ndi amtengatenga. Ku Cairo sunafike, unathera ku Ujiji m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika.

Kuti uone mphamvu ya waya umenewu, mvera iyi. Britain italowa nkhondo ndi Germany pa 4 August 1914, uthenga unafika ku Zomba pa waya. Sitima ya boma yotchedwa Guendolen inanyamuka n'kuwoloka nyanja kukafuna sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Inaipeza pa 13 August ili pamtunda, ikukonzedwa padoko limene lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo inaiwombera. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti kunja kuno kwabuka nkhondo. Wina anali ndi uthenga, mnzake analibe, ndipo nyanja yonse inapita kwa amene anali nawo. Mfuti ya Guendolen ili ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi, ukadzapitako ukaione.

Choncho ulembe kuti positi, waya ndi nyuzipepala zinafika motsatizana m'zaka za m'ma 1890, pamene wailesi inadikira zaka zina makumi asanu. Za wailesiyo werenga yankho lotsatirali.

Bambo Wapositi, tikukonza m'nyumba ya malemu bambo athu tapeza chinthu chozungulira, chabuluu, changati sefuliya yoimika cham'mbali, chili ndi sefa kutsogolo ndi timabatani topotokola. Amalume akuti ndi wailesi. Kodi n'zoona? Tingotaya?
*Bambo wa ku Kasungu*

Chonde, bambo, musataye. Amalume anu akunena zoona. Mwapeza wailesi imene Azungu ankaitcha Saucepan Special, chifukwa chikopa chake chinali cha aluminiyamu chooneka ngati sefuliya. Nditawerenga kalata yanu ndinaika pansi magalasi kaye, poti wailesi yoyamba imene ndinamva m'moyo wanga inali yomweyo.

Mbiri yake ili motere. Guglielmo Marconi anatumiza chizindikiro popanda waya kuwoloka nyanja ya Atlantic mu 1901, ndipo BBC inayamba kuulutsa mawu mu 1922. Kuno kwathu zonsezi zinali nkhani zakutali mpaka nkhondo yachiwiri. Mu 1941 boma la Northern Rhodesia linatsegula kanyumba koulutsira mawu ku Lusaka kuti anthu azimva za nkhondo, poti ana awo anali kunkhondoko. Nkhondo itatha, nyumbayo inakula n'kukhala Central African Broadcasting Station, youlutsira anthu akuda a maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inkalankhula Chinyanja, Chibemba, Chilozi, Chitonga, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Vuto linali limodzi. Mawu ankapita m'mlengalenga koma m'midzi munalibe chowakolera. Mawailesi a nthawiyo anali odula ndipo ambiri ankafuna magetsi.

Mkulu wa zofalitsa nkhani ku Lusaka, Harry Franklin, anayenda m'makampani a ku Britain kufunafuna amene angapange wailesi yotsika mtengo, yoyendera batire, yopirira fumbi ndi kutentha. Ambiri anakana poganiza kuti munthu wakuda sangagule. Kampani ya mabatire ya Ever Ready ndiyo inavomera, ndipo wailesiyo inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5. Batire lake linali lapadera, lalikulu ngati njerwa, la paundi imodzi ndi mashiling'i 5. Inagulidwa ngati mchere.

Bambo anga anabwera nayo mu 1955 pochokera ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe. Ndinali mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anadula nsungwi yaitali, kuimangirira ku mtengo wa mango, n'kukokerapo waya mpaka pakhonde. Waya wina anaukwirira pansi, ndipo ntchito yanga inali kuthira madzi pamenepo kuti dothi lisaume. Madzulo amayi ankavundikira mtondo, bambo n'kukhazikapo batire, wailesi pamwamba pake. Palibe wina ankaloledwa kuigwira. Ankaitsegula kwa kanthawi kochepa basi, kuopa kutha batire, chifukwa lina linali kutali ndi ndalama zake. Anthu ankabwera ndi mphasa zawo kuchokera kutsidya kwa dambo. Mawu ankabwera n'kumapita ngati mafunde, nthawi zina kuzimiririka m'phokoso lonena kuti shii, ndipo aliyense ankaweramira kutsogolo kuwadikira kuti abwerere. Ndinadzamvetsa nditakula kuti mafunde a wailesi otchedwa shortwave amakwera m'mwamba, n'kugunda mpweya wa kumtunda kwambiri, n'kubwerera pansi kutali, ndiye chifukwa chake Lusaka ankamveka ku Ntcheu, makamaka usiku.

Chimene anthu ankakonda kwambiri sichinali nkhani za boma. Inali pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa, mmene munthu ankalemba kalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale. Oulutsa mawu ngati Alick Nkhata, amene analinso woimba, ankadziwika ngati anthu a m'mudzi mwathu momwemo. Usiku wina, chaka chimene ndinayamba sukulu, woulutsa anawerenga moni wochokera kwa munthu wogwira ntchito ku mgodi wa malasha ku Wankie, wopita kwa amayi ake, natchula dzina la agogo anga aakazi ndi la mudzi wathu. Anali amalume anga amene anachoka ine ndisanabadwe, amene tonse tinkangoti anatchona. Agogo anaimirira pamphasa, analuluta nthungululu, kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira. Anagwira bambo mwendo n'kunena kuti, "Auzeni anenenso." Bambo analephera kuwafotokozera kuti sizingatheke. M'mawa mwake agogo anapha nkhuku, ndipo aphunzitsi a pasukulu anawalembera kalata yopita ku Wankie. Amalumewo anabwera patatha zaka ziwiri.

Ndimaona kuti apa ndi pamene wailesi inakhalira yathu. Boma linaibweretsa kuti litilankhule, ife tinaigwiritsa ntchito kufunafuna abale athu amene anamwazikira ku migodi ndi ku mafamu.

Chikondicho chinagwedezeka pamene nyumba ya ku Lusaka inayamba kuyamikira chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anthu akuda ankachikana ndipo chinakhazikitsidwa mu 1953. Ku Northern Rhodesia kunabuka mphekesera zoti oulutsa mawu ndi banyama, amene kuno timati anamapopa, ndipo ena ankaopa kuyenda m'makomboni. Mu 1958 nyumbayo inalowa m'manja mwa bungwe la chitaganya. Ife tinadzakhala ndi yathu, MBC, mu 1964. Nthawi imeneyo kachipangizo kotchedwa transistor, kamene kanatulukira ku America mu 1947, kanali katachepetsa mawailesi kukhala onyamula m'manja, oyendera mabatire a tochi. Kampani ya Nzeru inayamba kuwapanga ku Blantyre konkuno, ndipo sefuliya ija inaikidwa pansi pa bedi, kumene inu mwaipeza.

Ndinenepo chimodzi chimene ndinachiona ndi maso. Mu 1968, Chichewa chitasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mpaka 1994. Ine ndine wolankhula Chichewa, ndinakondwa kumva chinenero changa chikulemekezedwa, koma nditatumizidwa kukagwira ntchito kumpoto ndinaona agogo akukhala pafupi ndi wailesi osatolapo kanthu, kudikira mdzukulu awamasulire. Kumeneko kunali kulakwa.

Tsono wailesi yanuyo, bambo, ipukuteni ndi nsalu youma, musaitsuke ndi madzi, musayese kuilumikiza kumagetsi. Muisunge pouma, kapena mukaionetse ku nyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri.

Achimwene, ine ndili ku Johannesburg. Ndikaimba foni kumudzi usiku amayi anga amayankha akunjenjemera, amati zimawakumbutsa telegalamu. Kodi telegalamu inali chiyani kuti mpaka lero aziiopa?
*Mayi wochokera ku Mangochi, Johannesburg*

Achemwali, amayi anu ndikuwamvetsa bwino. Telegalamu unali uthenga waufupi wotumizidwa pa waya kuchoka positi ofesi ina kupita ina, kumene unkalembedwa papepala, kuikidwa mu envulopu n'kuperekedwa kwa mwini wake. Munthu ankalipira liwu lililonse, kuphatikizapo dzina ndi keyala. Ndiye palibe ankatumiza telegalamu kuti angopereka moni. Inkabwera pa zinthu zitatu: ndalama, ntchito ndi maliro. Kwa anthu a m'mudzi, kawirikawiri inali yachitatuyo.

Ndawerenga mawu a matelegalamu osawerengeka ndi nsonga ya pensulo. Munthu ankafika pakauntala thukuta lili kamukamu, fumbi mpaka m'mawondo, atayenda kuchokera mbandakucha. Ankayamba kufotokoza nkhani yonse, mmene matenda anayambira, kumene anapita nawo. Ine ndinkamvetsera mpaka amalize, chifukwa munthu wotere sumudula pakamwa, kenako tinkayamba kuchotsa mawu limodzilimodzi kuti agwirizane ndi ndalama zimene wamanga pakansalu. Pamapeto pankatsala mawu anayi: AMAYI ADWALA BWERA MSANGA. Nthawi zambiri ndinkadziwa kuti amayiwo atisiya kale. Mwambo wathu sulola kumuponyera munthu imfa ali yekha kuchilendo, ndiye ankalemba kuti adwala, kuti ayende ndi mphamvu. Olandira nawonso ankadziwa. Liwu loti "msanga" linkanena zonse.

Chimene chinkapweteka kwambiri n'chakuti waya unali wachangu koma njira ya kumudzi inali yomweyo ya makolo. Telegalamu inkatha kuchoka ku Joni n'kufika paboma tsiku lomwelo, kenako n'kugona masiku anayi kudikira munthu wopita kumudzi. Anthu ambiri analibe bokosi lawo. Keyala inali ya sukulu, ya tchalitchi kapena ya sitolo, ndipo makalata ankaitanidwa maina pamzere wa ana asukulu m'mawa, kapena Lamulungu mapemphero atatha. Mwana wa Sitandade 4 ndiye ankawerengera agogo ake kalata, ndiyenso ankalemba yankho, kuyambira ndi mawu aja akuti, "Ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko." Ana ambiri a nthawi imeneyo anasenza zinsinsi za akuluakulu zimene sizinali za msinkhu wawo.

Zinandigwera inenso. Mu February 1978 ndili kumpoto, amayi anga anamwalira ku Ntcheu. Mvula inali itakokolola mlatho, ndipo mng'ono wanga anatha masiku awiri asanafike potumizira uthenga. Telegalamuyo ndinailandira ndekha pantchito, ndi dzanja langa, dzina langa lili pamwamba. Nditafika kumudzi ndinapeza manda atawaunda kale, nkhata zamaluwa zitayamba kufota. Ine amene ndinkatumizira anthu ena mauthenga tsiku ndi tsiku sindinaone nkhope ya amayi anga.

N'chifukwa chake pulogalamu ya mauthenga achisoni pa MBC inali yofunika kuposa mmene achinyamata angaganizire. Ikayamba, m'nyumba munkakhala bata, aliyense kutchera khutu kuti amve mudzi ndi mfumu. Woulutsa ankamaliza ndi pempho loti aliyense amene wamva uthengawo adziwitse mwini wake, ndipo anthu ankachitadi zimenezo. Munthu wosamudziwa ankakwera njinga usiku kukagogoda pakhomo la mnzake.

Langizo langa ndi laling'ono. Muziimba masana, ndipo mawu anu oyamba azikhala akuti, "Amayi, kuno n'kwabwino." Mukatero mwawamasula mtima, nkhani zina zibwere pambuyo.

Kodi n'zoona kuti Malawi analibe wailesi ya kanema mpaka 1999? Chifukwa chiyani?
*Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe*

N'zoona, mwana wanga. Television Malawi inatsegulidwa pa 1 April 1999, mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi. John Logie Baird anali ataonetsa kanema wotere ku London mu 1926, anzathu a ku Zimbabwe anali naye kuyambira 1960, a ku Zambia 1961, ndipo South Africa, imene nayo inachedwa dala, inayamba mu 1976. Boma la a Kamuzu Banda silinaikhazikitse m'zaka zake zonse 30. Ndalama ndi kuchepa kwa magetsi zinali zifukwa zenizeni, koma panalinso mtima wosafuna kuti anthu aone zambiri zakunja. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo zambiri zinaletsedwa.

Sikuti sitinkaona zithunzi zoyenda. Galimoto za boma ndi za alangizi a zaulimi zinkafika pabwalo la sukulu, kukoloweka chinsalu choyera, kuliza jenereta, n'kuonetsa kathiridwe ka feteleza ndi maulendo a Ngwazi. Mudzi wonse unkakhamukirako. Pambuyo pake kunadzabwera timanyumba ta vidiyo m'misika, tolowera ndi matambala. Wailesi ya kanema ija inadzaphatikizidwa ndi MBC, ndipo lero ndi imene ukuitcha MBC TV.

Atate, ana anga sakhulupirira ndikawauza kuti kalata ya maepiskopi ya 1992 inafika dziko lonse popanda WhatsApp. Tawafotokozereni inu.
*Mayi wa ku Balaka*

Mayi, awerengereni izi. Nthawi imeneyo wailesi inali imodzi, ya boma. Nyuzipepala zazikulu, Daily Times ndi Malawi News, zinkayankhula mawu a chipani cholamula, ndipo kumidzi kunkafika Boma Lathu. Malawi News yomweyo inayamba mu 1959 ngati kapepala kolimbana ndi atsamunda, m'manja mwa Aleke Banda ali mnyamata wa zaka pafupifupi 20, koma ufulu utabwera inasanduka pakamwa pa olamula. Munthu wodandaula analibe poyankhulira.

Maepiskopi a Katolika anagwiritsa ntchito njira yakale kwambiri, pepala ndi pakamwa. Kalata yawo inasindikizidwa kwanu konko ku Balaka, pa makina a Montfort, inanyamulidwa mwakachetechete kupita m'maparishi, ndipo pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse m'mawa umodzi. Ine ndinali m'tchalitchi tsiku limenelo. Wansembe atafika pa mawu okamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za anthu omangidwa popanda mlandu ndi za mantha oyankhula, munthu amene ndinakhala naye pabenchi anandigwira bondo osandiyang'ana. Palibe anatsokomola. Zimene tinkanong'onezana kuchipinda zinali kunenedwa paguwa.

Boma linati kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu. Maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira ya ku Balaka inatenthedwa. Koma madzi anali atatayika kale. Makina a fotokope m'maofesi anagwira ntchito usiku. Makina a fakisi, amene amatumiza chithunzi cha pepala pa waya wa foni, ankalandira makalata ochokera kwa a Malawi okhala kunja, ndipo m'mawa mapepalawo ankapezeka atamwazidwa m'misewu. Ine yanga ndinaipinda kanayi n'kuibisa pansi pa ufa m'chitini. Madzulo tinkatsitsa mawu a wailesi, kutseka mawindo, n'kusaka BBC kapena pulogalamu ya Chichewa yochokera ku South Africa. Mmenemo ndi mmene tinamvera bwino za kumangidwa kwa Chakufwa Chihana pabwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 April.

Pa 14 June 1993 anthu anavotera zipani zambiri pa referendamu. Chaka chomwecho nyuzipepala zinaphuka ngati bowa, zina za masamba anayi zokhala miyezi iwiri n'kufa, zina ngati The Nation zilipo mpaka lero. Lamulo la 1998 linakhazikitsa MACRA, bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga, n'kutsegula khomo la mawailesi ena, ndipo tinayamba kumva Capital FM, Radio Maria, Dzimwe ya ku Mangochi, kenako Zodiak mu 2005. Ana anuwo akamapotokola wailesi n'kupeza nyumba zambirimbiri, adziwe kuti zinadutsa pa Lamulungu limenelo.

Ine ndi nyakwawa. Mafoni abweretsa mabodza m'mudzi mwanga. Sabata yatha uthenga unazungulira woti mwana wabedwa, anthu anatenga zibonga, pamene mwanayo anali kwa azakhali ake. Kodi zinthuzi zatithandiza kapena zatiwononga?
*Amfumu, Phalombe*

Zikomo amfumu, ndaombera m'manja. Funso lanu ndi lolemera, ndipo kwanuko mukudziwa kuposa ine kumene mphekesera zimafikitsa, poti mu 2017 nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo. Mwaona m'yankho lachiwiri lija kuti mphekesera yomweyo inalipo ku Northern Rhodesia m'ma 1950, foni kulibe. Bodza ndi lakale. Chimene foni yachita ndi kulipatsa njinga yamoto.

Foni ya m'manja yoyamba inaimbidwa ndi Martin Cooper wa kampani ya Motorola ku New York mu 1973, ndipo uthenga woyamba wa SMS unatumizidwa ku Britain mu December 1992. Kuno TNM inayamba mu 1995, Celtel mu 1999, imene inadzakhala Zain kenako Airtel mu 2010. Poyamba inali ya mabwana. Ena tonse tinkaima pamzere pa matebulo a foni m'misika, kapena kufulasha m'bale kuti aimbe ndi mayunitsi ake. Lero mayi wogulitsa tomato amalandirira ndalama pafoni. Ndinaona ndi maso anga matumba a makalata akuphwa chaka ndi chaka mpaka kutsala a mabilu okhaokha, ndipo sindibisa, mtima unkandiwawa. Walira mvula walira matope.

Kusiyana kumene ndikuona ndi uku. Pa fomu ya telegalamu panali malo pansi pake pamene wotumiza ankalemba dzina lake ndi kumene akukhala, ndipo popanda zimenezo sindinkailandira. Mnyamata wokwera pachulu uja aliyense ankamudziwa, ankadziwanso mfumu imene yamutuma. Uthenga wa pa WhatsApp umafika wopanda mwini, wongolembedwa kuti watumizidwa kuchokera kwina. Ndiye pamsonkhano wanu wotsatira, amfumu, ikani lamulo la m'mudzi loti uthenga wa kuba mwana, wa imfa kapena wa mlendo wokayikitsa usatumizidwe kwa wina aliyense usanafike kwa inu. Musankhe anthu atatu okhala ndi foni, mmodzi akhale mayi, amene ntchito yawo ikhale kuimbira mwini nkhani ndi apolisi a m'dera lanu anthu asanatole chibonga. Wofalitsa za bodza aitanidwe pabwalo monga mmene mukanachitira ndi wofuula bodza pachulu.

Koma kuti zatiwononga, ine sindinganene. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri kwanuko, anthu ambiri anapezana ndi abale awo kudzera pa foni ndi pa wailesi. Ndipo chaka chatha, 4 koloko m'mawa, foni yanga inalira. Anali mwana wa mlongo wanga ku Ntcheu, akuti amayi ake adwala, ndibwere msanga. Mawu ake anali omwe aja ndinkawerenga ndi pensulo. Ndinamufunsa kuti andiuze zoona, iye anaika foni pakhutu la mlongo wangayo, ndipo ndinamva kupuma kwake. Mwana wanga wa ku Lilongwe ananditumizira ndalama ya basi pafoni pomwepo. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditakhala pamphasa pambali pake, nditamugwira dzanja, ndipo anandizindikira n'kunditchula dzina langa la ubwana. Anatisiya madzulo a tsiku lotsatira, ine ndili pomwepo.